Mgwazo wa Mai Eliasi

"Ndiye mwagula ndi sutikesi yomwe, achimwene? Amayi asanduka katundu woti mukakweze pa basi?"

Naume ananena izi ataima pabwalo, manja ali m'chiuno, dengu lothyolera tiyi likadali kumsana. Mchimwene wake Eliasi anali atakhala pa kampando pakhomo pa mayi awo, sutikesi yabuluu ili pakati pa miyendo. Anali atangotsika kumene pa thirakitala ya esiteti yomwe ankayendetsa, ovolosi ili bii ndi mafuta.

"Tsitsako mawu, Naume. Komboni yonse ikumva."

"Imve! Imve kuti mwana woyamba wa Mai Eliasi akuthamangitsa mayi ake esiteti isanawathamangitse."

"Iwe, pepala lija a kapitawo Enoki anawerenga uli pomwepo. Aliyense wosakwanitsa mgwazo pa milungu itatu ikubwerayi amulanda tikiti ya ntchito. Tikiti ikapita, nyumba yapitanso. Tandiuza, Amayi angathyole makilo makumi atatu ndi asanu pa tsiku, m'mapiri muno, ndi mawondo otupa aja? Iwe ndiwe wa kontirakiti, nyumba sangakupatse. Ine kwanga ndi chipinda chimodzi, mkazi ndi ana atatu, ndipo lamulo sililola munthu wina wamkulu. Ndiwaike kuti? Nkhondo ya ku Mozambiki yatha, msewu wa ku Tete watseguka. Apite ku Thyolo akadali ndi mphamvu zokwerera basi, kusiyana n'kuti adzawatulutsire katundu pamvula ngati a Raimundo."

Naume ankawadziwa bwino a Raimundo. Mkulu ameneyu anathyola tiyi zaka makumi atatu pa esiteti yomweyi ya m'chigwa cha Honde, m'dziko la Ashona. Mwezi wapitawo, manja atayamba kunjenjemera, anawakweza pa lole ndi mphasa ndi kabokosi kawo, n'kukawatsitsa pa sitolo m'katawuni ka Hauna. Panalibe amene ankadziwa kumene anagona tsiku limenelo. Ndimo mmene esiteti inkathokozera anthu ake: inkawatafuna ngati mzimbe, madzi akatha n'kuwalavula pamsewu.

"Ku Thyolo kuli ndani?" anayambiranso Naume, mawu atatsikako pang'ono. "Amayi anachokako mu 1957. Kalata yomaliza inabwera Ababa ali moyo. Akakafika akagogoda khomo la yani?"

Mwini nkhani, a Agripina, omwe komboni yonse inkawatcha Mai Eliasi, anali pamphasa miyendo atatambasula. Ankadula mkoko wa nthochi za kuseri kwa nyumba n'kumaika m'timilumilu, ngati kuti akukambidwawo ndi munthu wa kutsidya kwa mtsinje wa Pungwe.

"Mwatha?" anafunsa osadzutsa mutu. "Ngati mwatha, Naume, tenga nthochi izi ukapereke kwa Emilia, mwana wake akudwala malungo, sakudya. Izi ndi za Tabeth. Izi ukasiye kwa a kapitawo."

"Kwa a kapitawo!" Eliasi anaomba m'manja. "Munthu amene akufuna kukulandani tikiti? Zimenezi, Amayi, ndi zomwe zatisaukitsa. Moyo wanu wonse mwakhala mukudyetsa komboni. Othawa nkhondo ankadzaza muno mpaka ife kusowa poponda. Lero mwakalamba, akupatsani malo ndani?"

"Enoki sanalembe pepala lija, anangowerenga. Ndipo ali ndi ana, ana amadya nthochi." Anapukuta mpeni pa chitenje n'kuyang'ana sutikesi ija. "Ndi yokongola, mwanangu, Mulungu akudalitse. Koma bambo ako anagona kuseri kwa fakitale uko, ndipo sindinamve kuti a ku Thyolo andisowa. Ndipatse milungu yanga itatu. Ndikalephera, ndikwera basi yakoyo osalira."

"Amayi, ine sikuti ndikufuna..."

"Ndati milungu itatu. Nawenso Naume, ndakuona mmene ukundiyang'aniramo. Usayerekeze kundithandiza. Sindinadyepo thukuta la munthu wina ine, ndipo sindiyamba lero ndi imvi."

Eliasi anailowetsa sutikesi kuseri kwa chitseko n'kuchoka osatsanzika. Naume anamuperekeza ndi maso oti akanakhala miyala bwenzi atagwa asanafike pa mpopi.

Chaka chimenecho mvula inabwera yokwiya, ngati ikubwezera chilala cha chaka chathacho, ndipo tiyi anaphuka mopenga. Anthu ankalowa m'munda mitambo ikadali yokutira phiri, mapulasitiki atamanga m'chiuno chifukwa cha mame. Zala za Mai Eliasi zinali zisanakalambe, zinkathamangabe pamwamba pa tiyi kuposa za atsikana. Chimene chinkawapha chinali chikweza. Dengu likadzaza, munthu aliyense ankakwera kupita pamseu, pansi pa mitengo, kukakhuthula masamba pa chiguduli chake ndi kuwayala kuti asapse, mpaka thirakitala itabwera ndi sikelo masana. Anzawo ankakwera kasanu, iwo kawiri, akupumira m'njira katatu.

Mlungu woyamba ankathyola makilo makumi awiri ndi awiri pa tsiku. Wachiwiri anafika makumi awiri ndi asanu ndi awiri, koma pobwerera kunyumba Naume ankachita kuwagwira m'khwapa, n'kukawathowa mawondo ndi madzi otentha. Zinkamupweteka mtima Naume, osati pang'ono. Chomukwiyitsa kwambiri chinali chakuti mayi akewo, m'malo mothamanga ndi mzere wawo, ankaima n'kumakonza manja a mtsikana wina aliyense watsopano amene wamuona akuzula tiyi ngati akuzula therere.

"Amayi, musiyeni! Nthawi ikupita!"

"Ndimusiye awononge mtengo? Mawa adzathyola chiyani?"

Lachitatu la mlungu womaliza, a kapitawo Enoki anamuitana Naume pambali, akunamizira kuona masamba a m'dengu lake.

"Tamvera, mwana wa amayi," ananong'ona. "Lachisanu a manijala abwera okha pa sikelo. Mayi ako akadzakwanitsa tsiku limenelo lokha, pamaso pawo, ine ndikhala ndi pakamwa powalankhulira. Kupanda apo, manja anga ndi omangika. Sindinakuuze kanthu ine."

Naume sanathe kuisunga yekha nkhaniyi. Madzulo akuchapa pa mpopi anakumana ndi Emilia, mayi wa ku Mozambiki amene anatulukira pakhomo pawo mu 1987, mapazi atatupa, mwana ali kumsana, n'kukhala nawo chaka chathunthu.

"Mana Emilia, achemwali anga, ndikuuzeni chinthu, koma chithere pompano. Lachisanu ndikathira theka la dengu langa pa chiguduli cha Amayi iwo ali kumunsi. Makilo asanu ndi atatu okha ndi amene akuperewera."

"Mamá akadziwa adzakusenda khungu."

"Sadziwa. Inu ingondiyang'anirani njira. Koma musauze munthu, lumbirani."

"Ndalumbira pali Mulungu," anatero Emilia, akudzilemba mtanda pamphumi ndi dzanja la thovu.

Emilia anali munthu wosunga malumbiro. Sanauze munthu aliyense, kupatula Tabeth, amene kwa iye sanali munthu wamba koma mnzake wa ku tchalitchi. Tabeth naye analumbira.

Lachisanu kunacha bwino. Mai Eliasi anakwera pamseu kamodzi kokha m'mawa, kenako anati sakweranso mpaka sikelo itafika, masamba ena azisunga pa nsalu pomwepo kuti asunge mawondo. Naume anayamika Mulungu chamumtima. Dzuwa litafika pamutu anazemba ngati wakuba, n'kukakhuthula theka la dengu pa chiguduli cha mayi ake. Mulu unkaoneka wokulirapo kuposa mmene ankayembekezera, koma mantha sanamulole kuima n'kuganiza. Potsika anakumana ndi mnzake Letwin akukwera ndi dengu losadzaza.

"Ukupita kuti ndi dengu la theka?"

"Ludzu, sisi. Ndikukamwa madzi."

Patsogolo pang'ono anakumananso ndi Bernadeta, nayenso ali ndi ludzu. Tsiku limenelo akazi a gulu la a Enoki anamva ludzu kwambiri kuposa masiku onse.

Thirakitala inachedwa. A manijala anali atafika kale ndi kagalimoto kawo, akuyang'ana wotchi, a Enoki akutukwana chapansipansi. Eliasi atatulukira pomaliza, thukuta lili kamukamu, anati tayala linatitimira m'matope. Anapachika sikelo pa nthambi osayang'ana munthu kumaso.

Mai Eliasi anafika pamseu pomalizira, akudzikoka, dengu kumsana ndi mtolo wa nsalu pamutu. Anakhuthula masamba awo, kenako anaima. Pa chiguduli chawo panali mulu wofika m'chiuno. Anayang'ana uku ndi uku ngati asokera malo.

Amuna awiri anaukweza muluwo m'matumba atatu. A Enoki anawerenga sikelo, napukuta m'maso, nawerenganso.

"Makilo... makumi asanu ndi anayi, ndi atatu."

Kumbuyo wina analephera kudzigwira, anaseka kamodzi n'kudzitseka pakamwa. Chiyambire esiteti imeneyo panalibe munthu, ngakhale mnyamata wa mapewa otani, amene anathyolapo makilo makumi asanu ndi anayi ndi atatu tsiku limodzi. Naume anayang'ana Emilia, Emilia anayang'ana Tabeth, Tabeth anayang'ana kumwamba.

A manijala sanaseke. Anali bambo wachinyamata wa ku Mutare, wa nsapato zoyera m'nyengo ya matope.

"Ambuya," anatero m'Chishona, kutanthauza agogo, "masamba onsewa mwathyola nokha?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mwatapa pa ziguduli za anzanu iwo ali kumunsi. Lamulo mukulidziwa. Wakuba tiyi amachoka tsiku lomwelo, osati mawa."

Naume anatsegula pakamwa kuti aulule, koma mayi ake anakweza dzanja osamuyang'ana n'komwe.

"Bwana, ndakhala pano musanabadwe, ndipo dzina la wakuba sindipita nalo kumanda. Khuthulani matumbawo. Masamba anena okha."

Anagwada movutika, bondo limodzi kenako linzake, n'kuyamba kupatula masamba ngati munthu wosankha mpunga. Anatola dzanja limodzi, nawayang'anitsitsa, nasisima.

"Tabeth! Bwera kuno. Ndinakuuza kangati za mapesi aatali chonchi? Ukuthyola tiyi kapena nkhuni? Gwada apa, awa ndi ako."

Tabeth, mayi wa ana asanu, anabwera mutu uli pansi ngati mwana wa sukulu, n'kugwada.

"Awa opotokera kumanzere ndi a Emilia, wamanzere pano ndi iye yekha. Awa odulidwa ndi chikhadabo ndi a Letwin. Mwana iwe, uwenge chikhadabocho, si mpeni. Maiwe, taonani awa! Tsamba lachitatu, lolimba ngati chikopa. Bernadeta, ukathamanga umabwerera ku khalidwe lako lakale. Zaka khumi ndi ziwiri ndikukuphunzitsa: masamba awiri ndi kansonga, basi!"

"Ndimaopa kuti mundipeza, Mhamha," anatero Bernadeta, ndipo anthu anaphulika ndi phwete.

"Ndipo ndakupeza. Gwada." Anatola ena, nawatembenuza, ndipo apa mawu anatsika. "Awa ofinyika, odzaza m'chibakera mpaka kuvulala, ndi a munthu amene ndinamubereka ndekha. Ndinamuuza kuti asayerekeze."

Naume anagwada pafupi ndi mulu wake, misozi ndi kuseka zikulimbirana malo pankhope.

Anapitiriza chomwecho, dzina ndi dzina, cholakwa ndi cholakwa, osaphonya ngakhale mmodzi. Pomaliza akazi khumi ndi asanu ndi awiri anali atagwada mozungulira chiguduli, aliyense ndi kamulu kake patsogolo. A Enoki anali atavula chipewa. A manijala anali atasiya kuyang'ana wotchi.

Mai Eliasi anasonkhanitsa mulu umodzi wotsala pakati.

"Anga ndi awa. Ikani pa sikelo."

Anakwana makilo makumi awiri ndi asanu ndi anayi.

"Lembani choncho, Enoki," anatero modekha. "Sanakwane."

Apa Naume analira ndithu, mokweza, osasamala za anthu. Ankaona kale basi ya ku Hauna ikunyamuka, mayi ake atakhala pawindo ndi sutikesi yabuluu pamiyendo, akupita kwa anthu amene sakuwadziwa. Koma Emilia anadzuka, nadzipukuta mawondo, naima pamaso pa a manijala. Chishona chake chinali chothyokathyoka koma chinamveka.

"Bwana, ngati pali akuba pano, akubawo ndife, ndipo taba masamba athu omwe. Ine ndinafika kuno ndilibe ngakhale supuni. Mamá anandipatsa mphasa, anandipatsa chitenje chawo cha ku tchalitchi, kenako anandigwira zala izi n'kuziika pa tiyi. Ana anga akudya lero chifukwa cha iwo."

"Ine anandithyolera milungu iwiri nditabereka," anatero Tabeth.

"Ine mwamuna atandithamangitsa ndinagona kwawo miyezi itatu," anatero Letwin.

"Mwandichititsa manyazi nonse," anawadula Mai Eliasi. "Khalani chete."

A manijala anawerama n'kutapa dzanja limodzi pa mulu wa mayiwo. Anawamwaza pachikhatho. Munalibe tsamba lolimba, munalibe phesi, munalibe lofinyika. Anatapanso pena, chimodzimodzi.

"Amene anakuphunzitsani kuthyola nonsenu ndani?"

Zala zonse zinaloza kumodzi, ndipo chala cha a kapitawo Enoki chinali m'gulu lomwelo.

A manijala anakanda chibwano. Tisanamizane, sikuti mtima wawo unasungunuka. Ku fakitale ankawavutitsa tsiku ndi tsiku kuti tiyi wa m'gawo lawo akubwera ndi mapesi, ndipo Lolemba kunkafika anthu atsopano a kontirakiti makumi asanu ndi atatu, osadziwa ngakhale kumanga dengu. Anaona phindu litagwada patsogolo pawo, ndipo phindu ankalidziwa akaliona. Tsiku lomwelo, pa magawo ena, okalamba atatu analandidwa matikiti popanda wowalankhulira.

"Ambuya, kumunsi uko simutsikanso. Kuyambira Lolemba muzikhala pompano pa sikelo, muziona masamba a aliyense, ndipo atsopanowo muziwaphunzitsa. Mungathe?"

"Tikiti yanga yomweyi?"

"Yomweyo."

"Nyumba yomweyo?"

"Yomweyo."

"Nanga opusa awa?" Analoza akazi ogwada aja. "Palibe amene mumudule tsiku?"

A manijala anagwira pakamwa kubisa kuseka. "Aliyense atenge masamba ake, akayeze pa dzina lake."

Nthungululu inamveka mpaka kutsidya kwa chigwa. Bernadeta anayambitsa nyimbo ya ku tchalitchi, Emilia akuvina ndi dengu kumsana, ndipo Naume anawakumbatira mayi ake mwamphamvu mpaka iwo anamumenya kambama pamsana kuti awasiye apume. Chimwemwe chake chinali chachikulu moti anaiwala kuti sakulankhulana ndi mchimwene wake, anamuyang'ana kuti aseke naye. Eliasi anali ataima kuseri kwa thirakitala, akumangitsa nati yomwe inali yomangika kale.

Akazi atatola milu yawo, pakona ya chiguduli panatsala kamulu kamodzi kopanda mwini. Mai Eliasi anali atakakankhira pambali poyamba paja osatchula dzina.

"Nanga awa ndi a yani?" anafunsa a Enoki. "Tiwalembe pa dzina la ndani?"

Aliyense anakana. Ndipo panalibe akanavomera, chifukwa anali masamba omvetsa chisoni: ena anayi pa phesi limodzi, ena ong'ambika pakati, ena akale obiriwira kwambiri, pena ndi kanthambi komwe.

"Amene anathyola awa anali ndi mkwiyo ndi mtengo," anatero Tabeth.

"Kapena mbuzi inalowa m'munda," anatero Letwin.

Mai Eliasi anawatola m'manja onse awiri. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anawafikitsa pamphuno.

"Mbuzi ya kuno sinunkha dizilo," anatero. "Eliasi, siya nati imeneyo. Tayala lija linatitimira m'matope ati, poti nsapato zako n'zouma?"

Eliasi anatuluka kuseri kwa thirakitala pang'onopang'ono. Bambo wamkulu, wandevu, anafika n'kugwada pamalo pomwe panagwada akazi aja. Manja ake akuluakulu anali ndi timabala ta nthambi za tiyi.

"Ndinaima pa munda wa kumtunda uko, Amayi. Ndinamva kuti akuperewera makilo asanu ndi atatu. Ndinathyola ola lathunthu, koma sanakwane ngakhale awiri. Ndinawathira pa chiguduli chanu mozemba potsitsa matumba." Anapukuta manja pa ovolosi. "Sindinkafuna kuti mupite. Ndinkangoopa lole ija."

Naume anapita n'kukagwada pafupi ndi mchimwene wake, phewa ndi phewa.

Mayi awo anaika dzanja pamutu pa Eliasi, nalisiya pomwepo kanthawi, maso ali ndi misozi yomwe sanailole kugwa. Kenako anamuthira masamba aja m'manja mwake.

"Ndamva, mwanangu. Koma Lolemba, usanakwere thirakitala yakoyo, udzayambe wafika pano. Atsopano aja adzaima kumbuyo kwako. Akazi onse a m'chigwa muno ndawaphunzitsa ine, ndiye anthu amve kuti mwana wanga woyamba amathyola tiyi ngati uyu?"